Mwaye wa pa Masamba a Mitengo ya Zipatso: Kuuzindikira ndi Kudziwa Gwero Lake

Alimi ndi ochita malonda a zipatso ku Bangula ndi madera ena a m'chigwa cha Shire akudziwitsidwa kuti kuda kumene kumaoneka pamasamba a mango, mandimu, magwafa ndi mapapaya, kofanana ndi mwaye wa m'khitchini, si matenda a mtengo. Ndi chuku chakuda, ndipo mtundu wake wodziwika kwambiri akatswiri amautchula kuti Capnodium. Chukuchi sichilowa m'tsamba. Chimangomera pamwamba, pamene pagwera timadzi totsekemera ndi tomata totuluka m'matupi a tizilombo toyamwa madzi a mbewu: nsabwe za zomera, ntchentche zoyera, kodikodi, ndi tina tokhala ndi chikamba timene timakanirira kunthambi.

Kuuzindikira n'kosavuta. Tengani kansalu konyowa n'kupukuta tsamba. Kudako kukachoka, pansi pake n'kuoneka tsamba lobiriwira lopanda bala, umenewo ndi mwaye. M'chilimwe umauma n'kumasupuka wokha ngati kapepala kopsa. Mawanga akuda okana kuchoka, olowa mkati mwa tsamba kapena oboola khungu la chipatso, ndi matenda ena, monga aja oolesa mango, ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Fumbi la m'mbali mwa msewu wa M1 ndi utsi wa uvuni wa njerwa nazo zimadetsa masamba, koma sizimata m'manja.

Mukatsimikiza kuti ndi mwaye, yang'anani kumwamba. Timadzi tija timagwa ngati mame, choncho tizilombo timakhala kunsi kwa masamba a pamwamba pa amene adawo, kawirikawiri kunsonga zanthete. N'chifukwa chake ndiwo zamasamba zobzalidwa pansi pa mtengo wa mango zimatha kuda ngakhale zilibe kachilombo n'kamodzi komwe. Mboni ina yosanama ndi nyerere. Zikamakwera ndi kutsika pathunthu la mtengo mondondozana, zikukatapa timadzi totsekemerato, ndipo zimathamangitsa adani achilengedwe a tizilomboto.

Mwaye ukachuluka umatchinga dzuwa, tsamba n'kulephera kupanga chakudya. Mtengo waukulu umapirira, koma mbande zimapinimbira. Chipatso chodetsedwa chimakhala chabwino mkati ndipo chikatsukidwa ndi madzi oyera chimadyedwa, ngakhale kuti pamsika ogula amachinyoza. Alimi a thonje asamale koposa: timadzi tomwetu tikagwera pathonje lophulika, limamata ndi kuda, ndipo limatsika giredi.

Ambiri amathamangira kugula mankhwala ophera chuku. Kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa tizilombo tikatsala mwaye umabweranso. Chofunika n'kuchepetsa tizilomboto: kudulira nthambi zothithikana kuti mphepo ndi dzuwa zilowe, kutentha nsonga zogwidwa kwambiri, kuletsa nyerere kukwera, ndi kupopera madzi a sopo kapena a masamba ndi njere za nimu, mtengo umene kuchigwa kuno suchita kusaka. Kupopera kuchitike m'mamawa kapena madzulo, popeza sopo amawaula masamba dzuwa likaswa mtengo, ndipo kulunjike kunsi kwa masamba.

Mankhwala amphamvu amapha ndi adani achilengedwe omwe. Kodikodi wa chinangwa atavuta ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980, chimene chinamuchepetsa ndi kamavu kakang'ono kochokera ku South America kamene akatswiri anakamwaza m'minda. Tizilombo tothandiza totere tiyenera kutetezedwa. Ngati mankhwala a m'sitolo afunikadi, akhale ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo malangizo a pabotolo atsatidwe.

Wokayika athyole nthambi yokhala ndi masamba akuda pamodzi ndi tizilombo take, aiike m'pepala louma, osati m'jumbo momwe ingafunde n'kuola, ndipo apite nayo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake kapena ku ofesi ya Shire Valley ADD ku Ngabu.