Insulini Adapulumutsa Moyo, Koma Mapazi Adatsalira

Chisanafike chaka cha 1922, mwana wodwala matenda a shuga sankayembekezeka kukula. Ankaonda, ludzu osatha, ndipo kawirikawiri maliro ankachitika zisanathe zaka ziwiri. M'mwezi wa Januwale chaka chimenecho, mumzinda wa Toronto ku Canada, mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, adakhala woyamba kubayidwa insulini, mankhwala amene Frederick Banting, Charles Best ndi anzawo adapeza. Mnyamatayo adadzuka, nakhala ndi moyo zaka zina 13.

Ana ambiri adapulumuka motero. Koma atakula, ena adayamba kudandaula za dzanzi m'zala za kumapazi, ena kutentha ngati aponda makala, makamaka usiku. Chidavulala ndi mitsempha, osati ya magazi ayi, koma ija yonyamula uthenga pakati pa thupi ndi ubongo. Yaitali kwambiri ndiyo imayamba kufooka, n'chifukwa chake vutoli limayambira kumapazi. Phazi likaleka kumva, munga umalowa mwini wake osadziwa, chilonda n'kukula, mwina mpaka mwendo kudulidwa.

Dokotala wa ku France, Marchal de Calvi, adanena kale m'chaka cha 1864 kuti matenda a shuga ndiwo amawononga mitsempha. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Belgium, Jean Pirart adatsata odwala 4,400 kuyambira 1947 mpaka 1973, napeza kuti mwa amene adadwala zaka 25, pafupifupi theka anali ndi mitsempha yowonongeka. Ngakhale zinali choncho, madokotala adatsutsanabe. Ena ankati cholakwa ndi shuga wochuluka m'magazi, ena ankati ndi chibadwa chabe cha nthendayo, ndipo kuvutitsa mwana ndi jakisoni wambiri n'kopanda pake.

Mlanduwu udagamulidwa m'chaka cha 1993. Kuyambira 1983, ku America ndi ku Canada, anthu 1,441 a zaka 13 mpaka 39 adagawidwa pawiri. Gulu lina linkabayidwa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, monga mwa nthawi zonse. Gulu linalo linkalandira insulini katatu kapena kuposerapo, ndi kuyeza magazi kanayi pa tsiku. M'gulu lachiwirili, kuwonongeka kwa mitsempha kudachepa ndi magawo 60 pa 100 alionse. Komabe padali chowawa chake: shuga ankawatsikira moopsa pafupifupi katatu kuposa anzawo.

Kuchokera pamenepo, langizo lidamveka. Wachinyamata wobaya insulini asunge shuga pa muyeso umene adokotala amuuza, ayang'ane mapazi ake tsiku ndi tsiku, asayende chosavala nsapato, ndipo pakatha zaka 5 chiyambire kudwala, akayezetse mapazi chaka ndi chaka. Mtsempha ukafa subwerera msanga, ndipo nthawi zambiri subwerera konse. Nthawi youteteza ndi pamene phazi likadamva kulasa kwa munga.