Chirundu chopangidwa ndi anthu

Chirundu chopangidwa ndi anthu ndi mulu wa miyala, zidutswa za konkire, zitsulo zakale kapena nthambi za mitengo umene umamizidwa dala pansi pa nyanja kuti nsomba zipeze pobisala, podyera ndi poswanirana. Asodzi a m'nyanja ya Malawi amatcha miyala yachilengedwe ya pansi pa madzi kuti chirundu. Iwo amadziwa kuti utaka umakonda kusonkhana pamenepo, n'chifukwa chake amaponya chilimira pafupi ndi malowa. Chirundu chopanga chimatsanzira zomwezo pamalo pomwe pali mchenga kapena matope okhaokha.

Mmene chimagwirira ntchito

Chinthu cholimba chikamira, ndere imayamba kumera pamwamba pake ndipo tizilombo ta m'madzi timakhazikikapo. Tinsomba timabwera kudzadya, kenako nsomba zikuluzikulu zimatsatira. M'mabowo ndi m'ming'alu ndi momwe ana a nsomba amathawira. Phindu lina, lomwe ndi lalikulu kwambiri m'madzi osaya, n'lakuti khoka silingakokedwe pamalo otere chifukwa limakodwa n'kung'ambika.

Zipangizo

Konkire ndi yomwe imakondedwa kwambiri popeza ndi yolemera ndipo siwola msanga. Mapaipi a simenti osweka ndi zipilala za milatho yogumulidwa zimagwira bwino ntchitoyi. Ku Gulf of Mexico nsanja zachitsulo zokumbira mafuta zikatha ntchito, zina amazigwetsera pansi pa nyanja m'malo mozikokera kumtunda. Boma la Louisiana linayamba ndondomekoyi mu 1986. Kuyambira mu 2001, mabogi akale a sitima za mumzinda wa New York ankamizidwa kufupi ndi gombe la Delaware. Zinthu zotere zimayenera kuchotsedwa mafuta ndi zina zilizonse zowononga madzi zisanamizidwe.

Si chinyalala chilichonse chomwe chimakhala chirundu. Cha m'ma 1970, matayala akutha pafupifupi 2 miliyoni anatayidwa m'nyanja kufupi ndi Fort Lauderdale ku Florida. Zomangira zake zinaduka, matayala anayamba kuyendayenda ndi mafunde n'kumaphwanya zamoyo zomwe zinalipo kale, ndipo ntchito yowavuula yatenga zaka zambiri. Malowa amadziwika kuti Osborne Reef.

Ku Malawi

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, katswiri wa nsomba Kenneth McKaye ndi mnzake anaunjika njerwa za simenti pansi pa madzi m'dera la Cape Maclear. Cholinga chawo sichinali usodzi: ankafuna kuona ngati nsomba zokhala m'miyala, monga mbuna, zimatha kudutsa pamchenga kukakhala pamiyala yatsopano.

Nkhani ya usodzi inabwera chifukwa cha kuchepa kwa chambo. M'nyanja ya Malombe chambo chinatsika kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo china mwa zifukwa zake chinali maukonde a maso ang'onoang'ono, monga nkacha ndi makoka a kambuzi, omwe amakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi. Pulojekiti ya FISH, yomwe inayendetsedwa ndi bungwe la Pact ndi thandizo la USAID kuyambira 2014 mpaka 2019, inathandiza makomiti a m'magombe kupatula malo oletsedwa kusodza, ndipo m'malo ena anamizamo nthambi za mitengo. Nthambi n'zosavuta kupeza kusiyana ndi konkire, koma zimaola, choncho zimafunika kuwonjezeredwa, ndiponso zimachokera kumitengo yomwe ikusowa kale.

Kusiyana maganizo

Akatswiri sagwirizana ngati chirundu chopanga chimachulukitsadi nsomba kapena chimangosonkhanitsa zomwe zinali zobalalika. Funsoli si laling'ono. Ngati chimangozisonkhanitsa, msodzi amapha zambiri pakanthawi kochepa, nsomba za m'deralo n'kutha msanga kuposa kale. Ku Malombe nthambi zinkamizidwa m'malo omwe anthu a m'midzi anagwirizana kale kuti musamaponyedwe ukonde.