Ayi, Ana a Bandi ya ku Koleji Si Asilikali

Pali mphekesera imene ikuyenda pakati pa ife Amalawi okhala kuno ku America, ndipo ndamva kuti mayi wina wafika poletsa mwana wake kulowa bandi ya pa yunivesite. Akuti mwana akangovala yunifolomu ija n'kuyamba kuguba pabwalo la mpira, ndiye kuti dzina lake lalowa m'kaundula wa asilikali, tsiku lina boma lidzamunyamula kupita naye kunkhondo. Abale anga, ili ndi bodza lamkunkhuniza. Ana amene mumawaona osewera akapita kopumulira aja ndi ophunzira wamba. Wina akuchita unamwino, wina zowerengera ndalama, ambiri sachita n'komwe maphunziro a nyimbo. Kaundula amene alipodi ndi wa Selective Service, amene amakhudza mwamuna wa zaka 18 mpaka 25, nzika kapena wokhazikika kuno, kaya amaimba lipenga kaya sanaligwirepo. Ndipo kutengera anthu kunkhondo mokakamiza kunatha mu 1973.

Komabe amene anayambitsa nkhaniyi maso ake sanamunamize. Zipewa zazitali, mabatani onyezimira, kuponda mwendo umodzi, zonsezo n'zausilikali ndithu. Gwero lake ndi chaka cha 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, pamene Abraham Lincoln anasainira lamulo la Morrill Act. Lamuloli linapereka malo a boma kuti agulitsidwe, ndalama zake zithandize kukhazikitsa makoleji a zaulimi ndi zamakina, koma linanenanso kuti m'makolejimo muziphunzitsidwa zausilikali. Anyamata oguba amafuna ng'oma, ndiye mabandi ambiri anabadwira pomwepo. Ya ku yunivesite ya Purdue inayamba mu 1886 ili kagulu kochepa koimbira anyamata ng'oma pa perete. Mpira utayamba kukoka khamu, bandi inali kale pasukulu, inangosamukira kubwalo.

Mu 1907 oimba a ku Purdue anasiya mizere yowongoka ya asilikali n'kuima mopanga chilembo P. Kuyambira apo usilikali unayamba kutsalira m'zovala ndi m'mapondedwe mokha. Onani zimene a Ohio State akhala akuchita kuyambira 1936. Bandi yonse imatambasuka ngati ulusi, mzere umodzi, n'kulemba dzina loti Ohio pabwalo, mizere ikupingasana popanda woombana ndi mnzake. Kenako woimba lipenga lalikulu lozinga thupi lija, wa chaka chachinayi kapena chachisanu, amatuluka akuponya miyendo m'mwamba, kukaima ngati kadontho pamwamba pa i, n'kuvula chipewa kuweramira khamu. Nyimbo imene amaimba apo ndi yogubira asilikali a ku France, koma zimene zikuchitikazo palibe mkulu wa asilikali angazivomere pa perete.

Ife ndiye sitiyenera kudabwa nazo zimenezi. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, beni wa ku Mangochi, mganda wa m'chigawo chapakati, magule onsewa anatengera kuguba kwa asilikali a nthawi ya atsamunda. Ovina amavala zoyera zositasita, masokosi ofika m'mawondo, ali ndi maudindo awo, amaponda mwa dongosolo, zikho zikulira ngati malipenga. Alipo amene anathamangira kukabisa mwana wake poopa kuti gulu la malipenga limutengera ku Kamuzu Barracks? Makolo athu anatenga perete wa mzungu n'kumusandutsa gule, ndipo ndikanena zoona, anachita bwino kuposa mabandi ambiri amene ndimawaona kuno.

Amene anafika pa msinkhu umenewo ndi makoleji a anthu akuda a kummwera, amene anamangidwa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa m'sukulu za azungu. William P. Foster atatenga bandi ya Florida A&M mu 1946, anabweretsa kuguba kothamanga, mawondo m'mwamba, kuvina pakati pa nyimbo, ndi nyimbo zimene anthu akumvera pa wailesi. Mu 1989 bandiyi, yotchedwa Marching 100, inakaguba ku Paris pa chikondwerero cha zaka 200 za kuukira kwa ku France. Ya Grambling inaimba pa Super Bowl yoyamba mu 1967. Ku New Orleans, pa Bayou Classic pamene Grambling imakumana ndi Southern, mabandi ali ndi usiku wawowawo wopikisana, ndipo m'masukulu amenewa mpira ukatha anthu sanyamuka: mabandi awiri amatsala m'mipando akuyankhizana nyimbo mpaka wina atheretu mpweya.

Wina anena kuti nanga Texas A&M? Zoona, kumeneko oimba onse ndi a gulu la makadeti, amagona mwausilikali, amaguba mizere yowongoka mpaka lero. Koma ngakhale kumeneko kukhala kadeti sikukakamiza munthu kulowa usilikali pokhapokha atasainira yekha.

Ngati kholo likufuna chodera nkhawa, zilipo zenizeni. Mwana wa bandi amafika pasukulu mu Ogasiti anzake asanabwere, n'kumakhala padzuwa tsiku lonse akuphunzira kuponda kasanu ndi katatu pa mayadi asanu alionse. Masana ambiri ndi Loweruka lonse zimapita kubandi, choncho mufunseni za mabuku. Mufunsenso ngati akuluakulu a m'gulu sazunza atsopano, chifukwa mu 2011 Robert Champion wa ku Florida A&M anamwalira atamenyedwa ndi anzake a m'bandi m'basi, pa mwambo wolandirirana. Ndipo musayembekezere kuti abwera ndi ndalama. Masukulu ena amachotsako pang'ono pa fizi, ena sapereka kanthu. Dziko lake ndi lomweli limene Texas A&M inalonjeza mphunzitsi wa mpira Jimbo Fisher madola oposa 75 miliyoni mu 2023 pomuchotsa ntchito, pamene mwana wosenza ng'oma masewero onse amangoyamikiridwa ndi m'manja. Chimenechi ndiye tizikambirana tikakumana, osati za nkhondo.