Kupatukirana kwa Mabwato pa Nyanja ya Chilwa

Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, n'chifukwa chake kuyambira kale eni mabwato a padoko la Kachulu amayendetsa mabwato awo pokankha ndi nsungwi zazitali. M'mphepete mwake mwawirira njedza, ndipo wopita kuchilumba cha Chisi kapena kuzimbowera za asodzi amayamba wadzera m'tinjira topapatiza. Mmenemo nzeru ndi yakuti bwato lopepuka lipatukire lodzaza anthu kapena matemba, pakuti lolemeralo likakakamira m'matope, kulizula ndi ntchito yosautsa. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, anthu nafika ku Chisi wapansi; mu 2018 idaphwanso kwambiri. Madzi akamachepa, tinjira tija timacheperachepera, mikangano nichuluka.

Mabwato a injini adadza ndi mwambo wina. Malamulo a panyanja a dziko lonse a 1972 amati awiri akakumana maso ndi maso, lililonse likhotere kumanja, ndipo lofuna kupitirira linzake ndilo lisamale. Komatu kumanja kwa kanjira ka njedza kulibe malo okhotera. Woyendetsa amangochepetsa liwiro kuti mafunde ake asamize bwato la msodzi.