Swiswiri wa Suncus etruscus ndi gulugufe wa chigaza

Pa nyama zonse zoyamwitsa, yopepuka koposa ndi swiswiri wotchedwa Suncus etruscus, amene Paolo Savi anamulongosola m'chaka cha 1822. Amapezeka kumwera kwa Ulaya, kumpoto kwa Africa mpaka ku Asia, ndipo amalemera pafupifupi magalamu 1.8 basi. Gulugufe wausiku wotchedwa Acherontia atropos, uja ali ndi chizindikiro chonga chigaza pamsana, amatha kufika magalamu 3.5. Kanyama ka mafupa, koyamwitsa ana, n'kopepuka kuposa gulugufe! Koma chachikulu pa awiriwa ndi mtengo umene aliyense amalipira kuti thupi lake lifunde.

Phala la m'kambale limazizira msanga kuposa la mumphika, ndipo thupi laling'ono limataya kutentha chimodzimodzi. N'chifukwa chake swiswiriyu sapuma. Akapanikizika, mtima wake umagunda mpaka ka 1,500 pa mphindi imodzi, ndipo tsiku lililonse amadya chakudya choposa kulemera kwake, nthawi zina kuwirikiza kawiri. Amagwira nkhululu yolingana naye msinkhu, ataifufuza ndi ndevu zake mumdima. Gulugufe uja alibe changu chotere. Zambiri anadyeratu ali mbozi pa masamba a mbatatesi, ndipo akakula amangolowa mumng'oma kukaba uchi, masana n'kukhala phee pa khungwa la mtengo.

Ena angati kufanizira kumeneku n'kosayenera, poti wina ndi wa magazi ofunda pamene mnzakeyo amangotsatira nyengo. Mawuwo ali ndi mutu, koma malirewo si olimba monga amaphunzitsira kusukulu. Asanauluke, gulugufe wamtunduwu amanjenjemeretsa mapiko kuti minofu ya pachifuwa itenthe kupitirira madigiri 30, ndipo ubweya wake umasunga kutenthako. Swiswiri naye, njala ndi chisanu zikakula, amagwa m'tulo tofa nato, thupi n'kuzizira mpaka pafupifupi madigiri 12. Onse awiri amasonkha moto n'kuuchepetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti gulugufe amayatsa pokhapokha akafuna kuuluka, pamene swiswiri amazimitsa pokhapokha nkhuni zikatha. Pa msinkhu wa magalamu awiri, njira ya gulugufe ndiyo yotsika mtengo: iye amatha kuoloka nyanja ya Mediterranean, pamene swiswiri sangathe tsiku lathunthu osadya ali maso.