Mpando wa khansala pakati pa minda ya tiyi ku Makwasa

Munthu akatsika minibasi pa Makwasa, maso ake amayamba agwera pa tiyi. Mizere yobiriwira imakwera ndi kutsika zitunda mpaka kutali, pomwe midzi yapanikizika m'mphepete ndi m'malo otsetsereka. Mukafunsa mayi wogulitsa nthochi pamsika kuti phungu wawo ndani, akuyankhani msangamsanga. Mukafunsa za khansala, ena amayamba aganiza kaye. Ine sindiwaimba mlandu, chifukwa mpando umenewu wakhala ukuikidwa ndi kuchotsedwa kambirimbiri, ndipo nkhani imene imawawa kwambiri anthu a kuno, ya malo olima, sinaikidwepo m'manja mwa khansala.

Boma lino la Thyolo azungu ankalilemba kuti Cholo. M'zaka za m'ma 1890, pa nthawi ya Harry Johnston, malo aakulu anaperekedwa kwa atsamunda ndi makampani, ndipo pambuyo pake British Central Africa Company inatenga gawo lalikulu. Mu 1902 a mpingo wa Seventh-day Adventist anagula mishoni ya Plainfield, imene lero tikuidziwa kuti Malamulo, ndipo Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, ndi amene anabwera kudzaiyendetsa. Sukulu ndi chipatala zinachokera kumeneko. Koma ntchito ndi pogona zinali kwa mwini esiteti. Alomwe ambiri amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anapeza malo m'maesiteti, koma malipiro a malowo anali thangata: kugwira ntchito m'munda wa mzungu nthawi yomwe munda wako ukufuna khasu.

Mu 1933 boma la atsamunda linapatsa mafumu mphamvu zoweruza milandu ndi kuyendetsa madera awo. Kwina zimenezi zinali ndi tanthauzo ndithu. Ku Thyolo mphamvu ya mfumu inkathera pa malire a esiteti, ndipo kupitirira apo mawu anali a bwana ndi kapitawo wake. Munthu wa thangata analibe woti nkumudandaulira.

Mkwiyo unaphulika mu Ogasiti 1953, chaka chimene dziko lino linalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu asakufuna. Chipwirikiti chinayambira pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pa nkhani ya malalanje amene anthu ankaganiziridwa kuti aba. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a telefoni, ntchito m'minda inaima, ndipo zipolowe zinafalikira m'maboma ena a kummwera. Pamene zinkatha, anthu 11 anali atafa. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo la makhonsolo a maboma. Koma pampando pankakhala bwanamkubwa, DC, mafumu ali pambali pake, ndipo wothyola tiyi sanafunsidwe kanthu.

Zinthu zinasintha chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961. Thangata anathetsedwa mu 1962, ndipo kwa kanthawi kochepa makhonsolo anali ndi makhansala osankhidwa ndi anthu, akuyang'anira sukulu za pulayimale, misika ndi misewu ya kumidzi. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Khansala anakhala munthu wa chipani, ndipo ndalama za chitukuko zinayamba kudzera m'makomiti amene DC ankatsogolera. Tiyi anatsala pomwe anali.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zaka za ufulu wa zipani zambiri. Tinavota pa 14 Juni 1993, tinavotanso pa 17 Meyi 1994, koma mu 1995 makhonsolo anathetsedwa. Lamulo latsopano la maboma aang'ono linabwera mu 1998 ndi lonjezo la mphamvu ku anthu, ndipo makhansala anasankhidwa mu Novembala 2000. Anthu amene anakavota m'dziko lonse anali pafupifupi 14 pa 100 alionse, ndipo chipani cha UDF chinatenga mipando yambiri. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike. Amene ankalamulira pa nthawiyo anali Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo konkuno, yemwe lero anagona ku Ndata. Boma la Thyolo linali ndi pulezidenti ku nyumba ya boma koma linalibe khansala ngakhale mmodzi. Tikawerengera bwino, pa zaka 20 zoyambirira za demokalase, zaka pafupifupi 14 mpandowu unali wopanda munthu. Mwana amene anayamba sitandade 1 pa Makwasa mu 2005 analemba mayeso a sitandade 8 asanamuonepo khansala.

Mpata umenewo sunakhale wopanda mwini. Aphungu anaulowa, makamaka thumba la chitukuko cha m'madera awo, CDF, litayamba mu 2006. Mu 2010 lamulo linasinthidwa: dera lililonse la phungu kumidzi linagawidwa m'mawadi awiri okha, ndipo aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo. Choncho pamene makhansala 462 ankasankhidwa m'dziko lonse pa 20 Meyi 2014, anapeza madera atakula ndipo ndalama zili kwa wina. Ku Thyolo, kumene kunali madera 7 a aphungu ndipo chipani cha DPP chili ndi mizu yozama, nthawi zambiri mpikisano weniweni umakhala pa chisankho cha chipulula. Zotsatira zake, khansala amayamba wayang'ana kumene akuluakulu a chipani ayang'ana.

Palinso vuto lina la kuno lokha. Zofuna za anthu zimayenera kukwera kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, imene imatsatira dera la gulupu, kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo. Njira imeneyi inakonzedwera munthu wa m'mudzi. Wokhala m'nyumba za kampani amavota ngati wina aliyense, koma madzi ake, denga lake ndi msewu wake zili m'manja mwa manijala. Wa m'mudzi nayenso, akapempha mjigo, khansala angathe kuyesetsa. Akapempha munda, khansala alibe poyambira. N'chifukwa chake pamene Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation ankalankhula za malo cha m'ma 2016, mpaka kufika ponena zoti Thyolo ndi Mulanje zikhale dziko palokha, anapeza anthu omumvera. Njira yake sindinagwirizane nayo, koma njala ya malo imene ankanena ndi yeniyeni.

Mu Meyi 2025 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa CDF. Pa 16 Sepitembala chaka chomwecho anthu anasankha makhansala m'mawadi 509 m'dziko lonse, malire atakonzedwanso. Kameneka kanali kachitatu motsatizana, pambuyo pa 2014 ndi 2019, kuti anthu a ku Makwasa asankhe khansala.