Lipenga la Mphonda ndi Chitoliro cha Phingo

Mwezi wa Julayi kuno ku Lichinga kumazizira mpaka m'mafupa, ndipo ife okalamba timangokhalira pamoto. Madzulo ena otere mdzukulu wanga wophunzira ku Maputo anandisendezera foni kukhutu, nati, "Agogo, tamverani nyimbo izi, mundiuze yokoma ndi iti." Zinali nyimbo za ku Ulaya zopanda mawu, zomwe eni ake amati sonata, zoimbidwa ndi zida ziwiri zokha: piyano ndi chitoliro chakuda chotchedwa kilarineti. Ndisanamuyankhe, mtima wanga unali utatsikira kale kunyanja. Adzukulu anga, yambani mwamva za kumeneko.

Ndinakulira m'mbali mwa nyanja, pakati pa Metangula ndi Cóbuè, nthawi imene mzinda uno wa Lichinga unkatchedwa Vila Cabral. Tikakolola, midzi inkaitanizana ku mganda. Gulu lililonse linkatchedwa boma, ndipo linali ndi mfumu yake ndi akuluakulu ake onga a asilikali. Amalume ankatiuza kuti gule ameneyu anabwera ndi anthu obwerera ku Nkhondo ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918, amene anaona asilikali akuguba ndi malipenga achitsulo. Kwathu chitsulo kunalibe, koma mphonda zinalipo.

Ndinaona ndi maso anga amalumewo akupanga lipenga. Anasankha mphonda ya khosi lalitali, naiboola m'mbali poika pakamwa. Kenaka anakanganula pakhoma la nyumba kachikopa koyera kaja kamene kangaude amafunditsa mazira ake, nakamata kunsonga mosamala ngati akugwira diso la mwana. Lipenga lotere suliuzira mpweya chabe ayi. Umaimbira m'kati mwake, kachikopako n'kumanjenjemera, mawu ako n'kutuluka okhuthala, olira ngati njuchi zambirimbiri. Anyamata ovala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo akandanda mizere, malipenga aang'ono ankayamba, aakulu n'kuvomera, ng'oma yaikulu ikuwagwira onse kuti asathamange.

Gule akatha, mkangano ndiye unkayamba. Amuna ankachezera pansi pa mtengo wa mango kutsutsana kuti boma liti laimba bwino. Wina ankati la kwawo linali ndi mphamvu. Amalume ankapukusa mutu, amvekere, "Mphamvu ngakhale ng'ombe ili nazo. Kodi lipenga linaimvera ng'oma?" Muyeso wawo unali umenewo basi. Nkhondo ya ufulu itafika ku Cóbuè mu Sepitembala 1964, anthu anabalalika, ena ku Likoma, ena kumadera ena a Malawi ndi ku Tanzania, ndipo lipenga la amalume linatsala m'nyumba imene sitinabwereremonso.

Ndiye usiku ujawo ndinatenga muyeso wa amalume n'kuyezera nyimbo za mdzukulu wanga.

Ziwiri zoyamba zinali za Johannes Brahms wa ku Germany, amene anazipeka mu 1894. Mbiri yake inandigwira mtima. Bambo ameneyu anali atanena kuti wasiya kupeka nyimbo. Koma mu 1891 anamva Richard Mühlfeld akuimba kilarineti ku Meiningen, ndipo anadzukanso, monga nkhalamba imene yapachika lipenga kudenga imachitira ikamva ng'oma ya kumudzi kwawo. Yoyamba ili ndi zigawo zinayi. Imayamba mwaukali, piyano ikugunda molemera, kilarineti ikuyankha ngati munthu wodandaula pabwalo la milandu, koma pomaliza onse awiri akuseka. Yachiwiri ili ndi zigawo zitatu, ndipo ndi yofatsa. Kilarineti ikanena kanthu, piyano imakatenga n'kukatembenuza pang'ono, n'kukabweza. Ndi macheza a anthu awiri amene akalambira m'nyumba imodzi, odziwana mpaka kapumidwe. Brahms anamwalira mu 1897, patangopita zaka zitatu.

Yachitatu inali ya Francis Poulenc wa ku France, ya mu 1962, yokumbukira mnzake Arthur Honegger amene anali atamwalira. Poulenc mwiniwake sanaimve ikuimbidwa pagulu, pakuti anatsikira kuli chete mu Januwale 1963, ndipo Benny Goodman ndi Leonard Bernstein anakaiimba koyamba ku New York mwezi wa Epulo chaka chomwecho. Mdzukulu wanga amaikonda imeneyi chifukwa imadumpha ngati mwana wa mbuzi. Ine chigawo chapakati ndi chimene chinandikhetsa msozi, pomwe kilarineti ikufuula kamodzi kenaka n'kuyamba kulira chapansipansi, monga amachitira mayi wofika mochedwa pamaliro.

Mwanayo anandiuzanso kuti makilarineti ambiri abwino a masiku ano amasemedwa ndi phingo, mtengo wakuda pamtima umene umamera m'nkhalango za kuno kumpoto kwa Mozambique ndi ku Tanzania. Ndinaudziwa mtengowo, unkabunthitsa nkhwangwa za abambo. Umatenga zaka makumi ambiri kuti ukhwime, ndipo zimandiwawa kuona mitengo ikutuluka m'nkhalango zathu pa magalimoto pomwe ana a ku Niassa ambiri sanagwirepo chitoliro chosemedwa ndi mtengo wa kwawo.

"Nanga mwasankha iti, agogo?" anafunsanso.

Ndinati yachiwiri ya Brahms, chifukwa m'menemo chitoliro chikuimvera piyano kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo amalume akanaivomera. Iye anakakamirabe pa Poulenc, tinatsutsana mpaka makala anazima. Ndamupempha kuti akadzabweranso patchuthi titsikire limodzi ku Metangula, akajambule ndi foni yakeyo anthu amene akudziwabe kumata kachikopa ka kangaude pa mphonda.